Zodabwitsa za pa Gombe la Nyanja ku Dorset

 M'phunziro lathu la zacilengedwe lero tipita kutali, kumene mtunda umathera ndi kuyamba nyanja yaikulu ya mcere. Aphunzitsi, pacikani mapu a dziko lonse lapansi poti mwana aliyense awaone bwino, ndipo muloze cisumbu ca Britain. Kum'mwera kwa England kuli zigawo ziwiri zoyandikana, Devon ndi Dorset. Gombe la zigawo zimenezi, kucokera ku tauni ya Exmouth kumadzulo kufikira ku Studland kum'mawa, ndi lotalika makilomita pafupifupi 155, ndiko kuti kuposa pang'ono mtunda wocokera ku Lusaka kufika ku Kabwe. M'caka ca 2001 bungwe la UNESCO linalemba gombe limeneli pa mndandanda wa malo amene ali cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Tiyeni tione cimene cinacititsa kuti lilandire ulemu wotere.

Poyamba tidziwe nyengo ya kumeneko. Dziko lathu liri pakati pa madigiri 8 ndi 18 kum'mwera kwa Equator, koma Dorset iri pa madigiri 50 kumpoto. Kumeneko dzuwa silifika paliwombo ngakhale tsiku limodzi pa caka. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumafunda ndipo masiku amatalika. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale kumazizira, dzuwa limalowa msanga, ndipo mphepo ya mkuntho imaomba kucokera kunyanja. Mvula imagwa mwezi uliwonse. Madera otere amachedwa madera a nyengo yofatsa, popeza kulibe kutentha koopsa kwa m'cipululu kapena cisanu cosatha ca kumalekezero a dziko.

Nyanja yodzaza ndi kuphwa

Codabwitsa coyamba ndi nyanja yeniyeniyo. Mtsinje wa kwanu umadzaza m'dzinja ndi kuphwa m'cirimwe, kamodzi pa caka. Nyanja ya mcere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku limodzi. Kwa maola pafupifupi 6 madzi amakwera pang'onopang'ono mpaka kumiza miyala ya pa gombe, ndipo kwa maola enanso 6 amabwerera, nasiya miyala ija pamtunda. Pa tauni ya Lyme Regis madzi angathe kukwera ndi kutsika mamita 3 kapena 4.

Kodi madziwo amakankhidwa ndi yani? Yankho lake liri kumwamba. Mwezi uli ndi mphamvu yokoka, ndipo umakoka madzi a m'nyanja kotero kuti amatukumuka kumbali ya dziko imene yayang'ana mweziwo. Kumbali ya kuseri nakonso madzi amatukumuka. Tsono popeza dziko limazungulira kamodzi pa tsiku, gombe lirilonse limapyola m'malo awiri otukumukawo, ndipo madzi amadzaza kawiri. Mwezi nawonso sukhala malo amodzi, ndico cifukwa cake kudzaza kwa mawa kumacedwa ndi mphindi pafupifupi 50 poyerekeza ndi kwa lero. Dzuwa limakokanso madzi, ngakhale kuti mphamvu yake pa nchito imeneyi ndi yocepa kuposa ya mwezi. Pamene mwezi uli wathunthu, ndiponso pamene uli mumdima, dzuwa ndi mwezi zimakokera pamodzi, ndipo madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Msodzi aliyense wa kumeneko amadziwa nthawi zimenezi monga momwe mlimi wa kuno amadziwira nthawi yobzala.

Zamoyo za m'mathamanda

Madzi akaphwa amasiya timathamanda m'maenje a m'miyala. Munthu wongopita mothamanga saonamo kanthu, koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tigwade pambali pa thamanda limodzi, tiyang'ane modekha.

Taganizani, ana inu, za mabvuto a kanyama kokhala pamalo otere. M'mawa kali pansi pa madzi ozizira, mafunde akukamenya. Masana kali pamtunda, dzuwa ndi mphepo zikukaumitsa, mbalame zikukasaka. Kanyama kalikonse kumeneko kali ndi nzeru yakeyake yopulumukira.

Pa mwala pali nkhono ina imene Angerezi amaicha limpet. Cigoba cake ndi cosongoka pamwamba ngati denga la nkhokwe. Madzi akacoka imakakamira pa mwala zolimba, ndi kusunga timadzi mkati mwa cigoba kuti isaume. Madzi akabwera imayamba kuyenda, nkumapala ndere za pa mwala ndi lilime lake lokhala ndi timano tambirimbiri. Ikakhuta imabwerera pamalo ake omwe aja, pamene m'mphepete mwa cigoba cake mumagwirana ndendende ndi mwalawo. M'caka ca 2015 akatswiri a pa University of Portsmouth anayesa timano ta nkhono imeneyi, napeza kuti ndi tolimba kuposa ulusi wa kangaude, umene kufikira nthawi imeneyo unali kuyesedwa cinthu colimba koposa mwa zopangidwa ndi zamoyo.

Pafupi pake pali tizigoba toyera tothithikana, takuthwa kumapazi, tochedwa barnacle. Mungayese ndi nkhono, koma ndi abale a nkhanu. Kakali kakang'ono kanyama aka kamasambira momasuka. Kakakula kamamata mutu wake pa mwala, ndi kumanga cigoba mozungulira thupi lake, ndipo sikacokanso moyo wake wonse. Madzi akafika kamatsegula kacitseko pamwamba ndi kutulutsa miyendo yonga nthenga, imene imakokera cakudya kukamwa. Charles Darwin anatha zaka 8, kuyambira 1846 mpaka 1854, akuphunzira tinyama timeneti.

M'madzimo mulinso cinthu cofiira conga duwa lotambasuka, cochedwa anemone. Maonekedwe ake ndi a duwa, koma ndi nyama. Zimene zioneka ngati masamba a duwalo ndi timanja toluma, togwirira tinsomba ndi tizirombo. Madzi akaphwa imapinda timanjato mkati, nkukhala ngati kambulu ka phala lofiira. Mulinso nkhanu ina ya mimba yofewa, yopanda cigoba cakecake kumbuyo, imene imalowa m'cigoba cosiyidwa ndi nkhono yakufa ndi kuyenda naco. Ikakula imafunafuna cigoba cokulirapo ndi kusamukiramo. Ndipo pansi pa mwala mungapeze kanyama ka manja asanu konga nyenyezi. Dzanja limodzi likaduka, kamamera lina.

Gombe la nsangalabwi ndi khomo la mwala

Tsopano tiimirire, tiyang'ane nchito ya mafunde. Pakati pa West Bay ndi cisumbu ca Portland pali mtandadza wa nsangalabwi wochedwa Chesil Beach, wotalika makilomita 29, ndipo pena msinkhu wake umafika pafupifupi mamita 15. Codabwitsa cake ndi ici: nsangalabwizo zinasankhidwa monga momwe mai amasankhira nyemba m'licero. Kumadzulo ndi zazing'ono ngati njere za nandolo, ndipo zimanka zikula mpaka ku Portland, kumene zimafanana ndi mbatata. Kumanenedwa kuti asodzi akale akakoceza usiku wa mdima ankangotola mwala umodzi, nkudziwa pamene afika. Akatswiri ambiri amafotokoza kuti mafunde amphamvu ocokera kum'mwera ca kumadzulo amakankhira miyala yaikulu ndi yaing'ono yomwe kum'mawa, pamene mafunde ofooka ocokera mbali inayo amatha kubweza yaing'ono yokha. Mtandadza umenewu umachinjiriza midzi ya kumbuyo kwake ku mafunde, ndipo lamulo limaletsa kutengako miyala.

Kum'mawa kwa Portland kuli Durdle Door, thanthwe lalikulu loloza m'nyanja lokhala ndi cibowo conga khomo la nyumba, poti bwato lingathe kupyola. Palibe mmisiri amene analisema. Mafunde anapeza mng'alu m'thanthwemo, naukulitsa kufikira unasanduka phanga, ndipo phangalo linabooka mpaka kuseri. Tsiku lina denga la khomolo lidzagwa, ndipo padzatsala cipilala coima cokha m'madzi. Zipilala zotere ziripo kale ku Studland, ndipo zimachedwa Old Harry Rocks. Cimodzi ca izo, cimene anthu ankati ndi mkazi wa Old Harry, cinagwa m'caka ca 1896, nkutsala citsa cabe. Kumbukirani mndandanda wake: mng'alu, phanga, khomo, cipilala, citsa.

Pafupi ndi Durdle Door pali Lulworth Cove, dooko lozungulira ngati mbale. Kutsogolo kwake kuli miyala yolimba, ndipo kumbuyo kwa miyalayo kuli dongo ndi mcenga. Nyanja inalowera pa mpata umene kamtsinje kanadula m'miyala yolimbayo, ndipo itafika pa dothi lofewa inalikokolola mbali zonse. Apa tiphunzira kuti maonekedwe a gombe amatsata kulimba ndi kufewa kwa miyala yake.

Miyala yosimba mbiri

Codabwitsa cacikulu koposa ciri mkati mwa miyalayo. Miyala ya m'gombe limeneli inasanjikana m'mizere, wina pamwamba pa unzake, ngati masamba a buku, ndipo wapansi ndiwo wakale. Pambuyo pake mizereyo inapendekeka pang'ono ca kum'mawa. Motero munthu woyenda kucokera ku Exmouth kupita ku Studland amayamba ndi miyala yakale kwambiri, namalizira ndi yatsopano, ndipo pa ulendowo amapyola mbiri ya dziko ya zaka mamiliyoni 185.

Kumadzulo maphompho ndi ofiira. Miyala imeneyi inapangika zaka pafupifupi mamiliyoni 250 zapitazo, pamene dera limeneli linali cipululu cotentha. Pakati, ca ku Lyme Regis ndi Charmouth, maphompho ndi otuwa, a dongo ndi njereza, ndipo anapangika pansi pa nyanja yofunda zaka pafupifupi mamiliyoni 200 zapitazo, m'nyengo yochedwa Jurassic. Nyengo imeneyi ndiyo inapatsa gombe lonse dzina lakuti Jurassic Coast. Kum'mawa maphompho ndi oyera mbee, a mwala wofewa wonga coko, umene unapangika ndi tizigoba ta tizamoyo ta m'nyanja tosaoneka ndi maso.

M'miyala yotuwa ija muli zotsalira za zamoyo zakale zimene zinasanduka mwala. M'Cingerezi cotsalira cotere cimachedwa fossil. Cimapangika motere. Nyama ikafa imamira pansi pa nyanja, m'matope mopanda mpweya wokwanira, momwe zoola sizifulumira. Matope ena amaikwirira. Mnofu umatha, koma mafupa ndi cigoba zimatsala. M'kupita kwa zaka zosawerengeka madzi okhala ndi mcere wa m'nthaka amalowa m'timabowo ta mafupawo ndi kusiyamo mcerewo, kufikira pfupa lisanduka mwala. Matope aja nawonso amauma nkukhala thanthwe. Pambuyo pake dziko limatukuka, nyanja imadya thanthwelo, ndipo cimene cinabisika cimaonekera.

Zoculuka koposa ndi zigoba zopindika ngati bongololo wodzikulunga, zochedwa ammonite. Zina ndi zazing'ono ngati batani la malaya, zina zazikulu ngati licero. Kumadzulo kwa Lyme Regis kuli thanthwe lathyathyathya limene madzi akaphwa limaonetsa mazanamazana a zigoba zimenezi. Anthu akale ankayesa kuti ndi njoka zimene zinasanduka miyala. Lero tidziwa kuti zinali nyama za m'nyanja za manja ambiri, ndipo mtundu wake unatha zaka mamiliyoni 66 zapitazo, pamodzi ndi zinyama zazikulu zochedwa dinosaur. Kum'mawa kwa Lulworth Cove kulinso zotsalira za nkhalango ya zaka pafupifupi mamiliyoni 145. Mitengo yake inamizidwa ndi madzi, tizamoyo tonga ndere tinamanga njereza mozungulira matsinde ake, ndipo lero paoneka mikombero ya mwala yokhala ndi dzenje pakati, pamene panali mtengo.

Mtsikana wa ku Lyme Regis

Tsopano cherani khutu, makamaka inu atsikana, mumve za munthu amene anatsegula maso a dziko pa zinthu zimenezi. Mary Anning anabadwira ku Lyme Regis m'caka ca 1799. Atate ake anali mmisiri wa matabwa, ndipo ankatola zigoba za mwala pa gombe ndi kugulitsa kwa alendo kuti apezeko ndalama zoonjezera. Banjalo linali losauka. Mwa ana 10 amene anabadwa, anakula ndi awiri okha, Mary ndi mlongo wake Joseph. Atatewo anamwalira m'caka ca 1810, nasiya ngongole. Kuyambira pamenepo kutola miyala kunakhala njira yopezera cakudya.

M'caka ca 1811 Joseph anapeza cigaza cacilendo cotalika kuposa mita imodzi, ca mano ngati a ng'ona ndi maso akuluakulu. Caka cotsatira Mary anapeza thupi lake lonse m'phompho. Nyamayo inali yotalika mamita 5, ndipo pambuyo pake inachedwa ichthyosaur, kutanthauza buluzi wonga nsomba. Inali ya m'gulu la zokwawa, yopuma mpweya monga ng'ona, koma yokhala m'nyanja moyo wake wonse. Banjalo linagulitsa mafupawo pa mtengo wa mapaundi 23. Cigazaco ciri ku Natural History Museum mu mzinda wa London.

M'caka ca 1823 Mary anafukula mafupa athunthu a nyama ina, plesiosaur, ya mutu waung'ono, khosi lalitali kwambiri ndi zipsepse zinayi zonga nkhafi. Katswiri wochuka wa ku France, Georges Cuvier, poyamba anakaika, poganiza kuti mafupa a nyama ziwiri alumikizidwa mwacinyengo, koma pambuyo pake anabvomera kuti nyamayo inali yeniyeni. M'caka ca 1828 Mary anapezanso cokwawa couluka, pterosaur, coyamba kupezeka kunja kwa Germany. Iye anathandizanso kuzindikira kuti timiyala tina topezeka m'mimba mwa mafupawo ndi ndowe zosanduka mwala, ndipo poziswa anthu anaona mamba ndi minga za nsomba, nadziwa cimene nyamazo zinkadya.

Mary sanapite patali ndi sukulu. Anaphunzira kuwerenga ku sukulu ya Sande, ndipo zina zonse anadziphunzitsa yekha. Ankakopera ndi dzanja zolemba za akatswiri pamodzi ndi zithunzi zake, ndiponso ankatumbula nsomba kuti afanizire mafupa ake ndi a m'miyala. Nchito yake inali yoopsa, pakuti nthawi yabwino yofunafuna inali ya mkuntho, maphompho atangogumuka. M'caka ca 1833 dothi linagumuka ndi kukwirira galu wake pafupi ndi pamene iye anaima.

Akatswiri acimuna ankagula zimene Mary wapeza ndi kulemba za izo, kawirikawiri osachula dzina lake. Pamene William Conybeare anafotokoza za plesiosaur ija pa msonkhano wa bungwe la Geological Society ku London m'caka ca 1824, dzina la wofukulayo silinamveke. Bungwelo silinali kulandira akazi, ndipo linayamba kuwalandira m'caka ca 1919, Mary atamwalira kalekale m'caka ca 1847. Komabe mafupa amene iye anafukula anathandiza kutsimikiza mfundo imene ambiri pa nthawiyo ankaikana, yakuti padziko panali mitundu ya nyama imene inatha psiti. M'caka ca 2022 anthu anamuimikira ciboliboli ku Lyme Regis, ndipo amene anayambitsa pempho lake anali mtsikana wa sukulu wa msinkhu wanu.

Nyanja yopatsa ndi kulanda

Kodi n'cifukwa ciani pa gombe limeneli pamapezekabe zatsopano caka ndi caka? Cifukwa cake ndi kugumuka kwa maphompho. Pamwamba pake pali miyala ya mcenga imene imamwa madzi a mvula, ndipo pansi pake pali dongo limene silipyoza madzi. Madzi akafika pa dongolo pamaterera, ndipo dothi la pamwamba limatsetserekera kunyanja. Pa nyengo ya Khrisimasi m'caka ca 1839, pamalo ochedwa Bindon, cigawo cacikulu ca minda cinang'ambika ndi kusuntha, tirigu ali momwemo, ndipo m'mwezi wa Ogasiti caka cotsatira anthu anakakolola tiriguyo pamalo ake atsopano.

Apa pali nkhani yofunika kuiganizira bwino. Nyanja ikagumula phompho imaonetsa mafupa amene anabisika zaka mamiliyoni ambiri. Koma nyanja yomweyo, ngati palibe wowatola, imawaphwanya m'masiku owerengeka. M'caka ca 2022 munthu wina anatola nsonga ya cigaza pa gombe pafupi ndi mudzi wa Kimmeridge. Mbali yotsala inali m'mwamba m'phompho, ndipo ofukula anagwira nchito atalendewera pa zingwe. Anaturutsa cigaza ca pliosaur, cirombo ca m'nyanja, cotalika mamita 2 ndi ca mano 130. Cinaikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya m'mudzimo, imene inatsegulidwa m'caka ca 2016 kuti isunge zimene Steve Etches, mmisiri wokonza mipope ya madzi, anasonkhanitsa kwa zaka zambiri. Akanazengereza, cigazaco cikanagwera m'nyanja zidutswazidutswa.

Kugumukako kumaopsezanso anthu. M'caka ca 2012 miyala inagwa ndi kupha munthu woyenda pa gombe ku Burton Bradstock. Nyumba, misewu ndi chalichi ca ku Lyme Regis zinali pangozi, ndipo m'caka ca 2014 anamaliza kumanga khoma latsopano lochinga mafunde kum'mawa kwa tauniyo. Koma khoma likamangidwa, miyala ya kumbuyo kwake imabisika ndipo sipaonekanso zatsopano. Gombe lonse likanamangidwa khoma, cuma cimene cinalipatsa ulemu cikanatha. Conco anthu a kumeneko amachinjiriza pamene pali matauni, ndi kusiya mbali zina kuti nyanja izigwira nchito yake. Cosankha cimeneci ndi cowawa kwa mwini munda kapena nyumba imene yatsala kunja kwa khoma. Ndipo bvutoli likukula, pakuti kuyambira caka ca 1900 madzi a m'nyanja za dziko lonse akwera ndi masentimita pafupifupi 20 cifukwa ca kutentha kwa dziko.

Kumadzulo kwa Dorset otola miyala ali ndi malamulo amene anagwirizana. Munthu angathe kutola zimene zagwera kale pa gombe, koma asakumbe m'phompho popanda cilolezo. Akapeza cinthu cosowa ayenera kukacilembetsa ku Charmouth, kuti akatswiri acidziwe. Ndipo wanzeru aliyense amayamba wafunsa nthawi ya kudzaza kwa madzi, kuopa kutsekeredwa pakati pa nyanja ndi phompho.

Kwathu kuno

Mwina mukuti, nanga ife opanda gombe, zimenezi zitikhudza bwanji? Pa nthawi imene miyala yofiira ya ku Devon inali kupangika, maiko onse anali olumikizana m'cimtunda cimodzi cochedwa Pangaea. Miyala ya nyengo yomweyo iripo m'cigwa ca Luangwa, ndipo m'menemo akatswiri afukula mafupa a zokwawa zakale zimene zinakhalako dinosaur asanaculuke. Ina mwa nyamazo inapatsidwa dzina lakuti Zambiasaurus, ina dzina lakuti Luangwa. Pafupi ndi Chirundu palinso mitengo yosanduka mwala, pamalo otetezedwa ndi lamulo. Kuno nchito yofukula imagwiridwa ndi mvula ndi mitsinje, monga momwe mafunde amacitira ku Dorset.

Cotero tsiku lina mmodzi wa inu, poweta mbuzi kapena potunga madzi, angathe kuona mwala wooneka ngati pfupa kapena ngati cikuni. Musauswe, ndipo musaucotse pamalo pake, pakuti mzere wa miyala umene cinthu capezekamo ndiwo umauza akatswiri zaka zake. Ikani cizindikiro pamalopo, mukauze aphunzitsi. Aphunzitsi adziwitse a National Heritage Conservation Commission, amene ali ndi udindo wosunga zinthu zotere m'dziko lathu, ndipo polemba kalatayo asaiwale kuchula dzina la mwana amene anacipeza.

Zocita m'kalasi

Aphunzitsi, phunziro likatha yesani izi pamodzi ndi ana. Tengani botolo loonekera mkati, muthiremo dothi, mcenga, timiyala ndi madzi, mulikhuchumule ndi kuliika pansi mpaka mawa. Ana aone mmene zinthuzo zasanjikirana m'mizere, ndipo anene cimene cayamba kukhala pansi. Kenaka mwana aliyense aumbe kambale ka dongo, adindepo tsamba kapena cigoba ca nkhono, acotse, ndi kuumika dongolo pamthunzi. Cidindo cotsalaco cidzawaonetsa mmene maonekedwe a camoyo amasungikira m'thanthwe. Ngati pafupi ndi sukulu pali khwawa lokumbika ndi madzi, pitani nawo nthawi ya cirimwe, muime patali ndi gombe logumuka, ndipo ajambule mizere ya dothi imene aiona.

Ana inu, yankhani mafunso awa m'makope mwanu. Kodi n'ciani cimacititsa nyanja kudzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku? Kodi nkhono ya limpet imadziteteza bwanji madzi akaphwa? Chulani mwa dongosolo masinthidwe asanu a thanthwe, kuyambira pa mng'alu. Pomaliza, kambiranani m'magulu funso ili: mukanakhala akuluakulu a tauni ya Lyme Regis, mukanamanga khoma pati, ndipo mukanasiya pati, ndipo mukanawauza ciani anthu amene nyumba zao zatsala kunja kwa khomalo?